Ndisinthe purosesa panopa kapena ndidikire chaka cha mawa?

Wakamera_Mpondasi
Moni nonse pa gulu. Pali nkhani yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha maganizo anu inu amene mumazidziwa zinthuzi. Ntchito yanga ndi yojambula makanema a maukwati, ma nikah ndi zinkhoswe, kuyambira kuno ku boma ku Mangochi mpaka ku Monkey Bay, nthawi zina kukwera phiri kupita ku Namwera. Kompyuta yomwe ndimaeditira ndinailumikiza mu 2019: Ryzen 5 2600, bodi ya B450, RAM ya DDR4 16GB ndi khadi ya GTX 1050 Ti. Yandigwirira ntchito, sindinganame. Koma chiyambireni kujambula mu 4K yafooka. Kanema amadumphadumpha ndikamadula, ndipo ukwati wa maola awiri umatenga usiku wonse kuti utuluke. Sabata yatha mayi a mkwatibwi wina anabwera kawiri kunyumba pa kabaza kudzafunsa flash yawo, ine ndilibe chowapatsa. Anabwerera osalankhula zambiri, koma nkhope yawo ndinaiona.

Achimwene anga ali ku Joni akubwera pa 18 Disembala, ndipo ati ngati kali kanthu kolowa m'thumba anditengera. Ndalama ndasungako. Ndiye ndigule Ryzen 5 5600 kapena Ryzen 7 5700X ndiike pa bodi yomweyi, kapena ndipirire mpaka chaka cha mawa, ndisonkhe zambiri, ndisinthe zonse ndipite ku AM5, mtundu watsopano wa bodi za mapurosesa a AMD? Mtima wina ukundiuza kuti kuika ndalama pa bodi yakale ndi kutunga madzi ndi dengu.

Usipa_Wouma
Gulani panopa achimwene. Kuno kwathu ndalama sidikira mwini wake.

Gogo_Pentium
Ayi a Usipa, tisamuthamangitse mnyamatayu asanatiuze chimene chikudwala. A Wakamera, mwadziwa bwanji kuti vuto ndi purosesa? Ine ndinayamba kutsegula makompyuta nthawi ya Pentium 4, ndipo anthu ambiri amene amabwera akuti purosesa yatha, vuto limakapezeka kwina. Chitani izi kaye. Tsegulani ntchito yanu yolemera ija, muyambe kuitulutsa, kenako mutsegule Task Manager muone chimene chafika pa 100: CPU (purosesa), disiki, RAM kapena GPU (khadi ya zithunzi). Muikenso kapulogalamu kotchedwa HWiNFO, n'kaulere, muone kutentha kwa purosesa ntchito ili mkati, makamaka masana. Mutiuzenso kuti makanema anuwo amakhala pa chiyani, SSD kapena hard drive yozungulira ija. Mukabwera ndi mayankho atatuwa ndiye tikambe za ndalama.

Namwera77
Ine ndikuti dikirani. AM4, mtundu wa bodi imene muli nayoyo, inayamba kale, Ryzen yoyamba inatuluka mu 2017, ndipo mukaika 5700X ndiye mwafika kumapeto a msewu, palibenso kokwerera kwenikweni. AM5 inayamba mu 2022 ndipo AMD inalonjeza kuti iisamala mpaka 2027 kapena kupitirira. Mukagula bodi ya AM5 ndi Ryzen 5 7600 chaka cha mawa, mudzasinthanso purosesa pa bodi yomweyo patsogolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usipa_Wouma
A Namwera, kudekha ndinadekha ine. Mu Okutobala 2023 ndinali ndi ndalama zokwanira SSD ndi RAM, ndinati ndidikire Disembala mwina zitsika pa Khirisimasi. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Zimenezi zisanachitike, mu Meyi 2022, inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Ndalama yanga ija inangokwanira SSD yokha, yaing'ononso. Malangizo oti dikirani ndi a anthu amene ndalama yawo imakhala chomwecho ukaisiya m'thumba.

Namwera77
Sindikukana za kwacha. Koma kuopa kugwa kwa kwacha sichifukwa chogulira chinthu cholakwika.

Fundi_wa_pa_Boma
Ndiloleni ndiikepo manambala kuti tisakangane m'malere. A Namwera akunena zoona kuti AM4 ili kumapeto, koma tione chimene kusamuka kukutanthauza. AM5 silandira DDR4 ngakhale pang'ono. Ndiye a Wakamera akapita kumeneko agula zinthu zitatu nthawi imodzi: purosesa, bodi ndi RAM ya DDR5, ndipo 16GB yawo ija ikhala pa shelefu. Akakhala pa AM4 agula chinthu chimodzi.

Ndipo kuchoka pa 2600 kupita pa 5600 kapena 5700X si kusuntha pang'ono. 2600 ndi ya 2018, ili ndi ma core 6, imafika 3.9GHz, cache yake ya L3 ndi 16MB. 5600 ili ndi ma core 6 omwewo koma imafika 4.4GHz ndi cache ya 32MB. 5700X ili ndi ma core 8, imafika 4.6GHz, cache 32MB. Zonsezi ndi za 65W, ndiye bodi yanu ndi power supply sizilemedwa. Pakati pa 2600 ndi ziwirizi pali mibadwo iwiri, Zen 2 ndi Zen 3, ndipo AMD inanena kuti woyamba unawonjezera ntchito pa liwiro lomwelo ndi 15 peresenti, wachiwiri ndi 19 peresenti. Munthu amene amaedita tsiku ndi tsiku amakumva kusinthako m'manja.

Koma ndikugwirizana ndi a Gogo, pimani kaye.

wa_ku_Joni
Ndikuwonjezere a Fundi, ine ndili kuno ku Joni. Miyezi yapitayi RAM yakwera mtengo moti ukalowa m'sitolo lero ndi sabata ya mawa upeza mitengo iwiri. Makampani opanga ma chip a memory akugulitsa kwambiri kwa eni ma data centre a AI, ife tikutsalira. DDR5 yakwera, DDR4 nayonso yakwera chifukwa opanga akuluakulu akuisiya. Ndiye amene akuti adikire kuti DDR5 itsike, sindikudziwa kuti adikira mpaka liti. Amene ali kale ndi RAM yogwira ntchito aigwiritse.

Nankungwi_wa_ku_Malindi
Pepani ndilowerere ngakhale za ma core sindizidziwa. Ine ndimayendetsa maukwati, ndipo makanema amene mumajambulawo ndimawaona kumene amathera. Amathera pa foni. Azakhali a ku Makanjira amaonera pa WhatsApp, achimwene a ku Joni chimodzimodzi. Ndani anakupemphani 4K? Simukudzisenzetsa katundu amene mwini ukwati sanakutumeni?

Wakamera_Mpondasi
Amayi, funso lanu ndi labwino, ndipo kwa kasitomala ndimapereka 1080p, osati 4K. Koma ndili ndi kamera imodzi yokha yabwino. Pa nikah sindingamayendeyende pamaso pa mashehe ndi akuluakulu kufuna nkhope ya mkwati. Ndimaimika kamera patali, ndijambule mu 4K, ndiye poedita ndimatha kukoka chithunzi pafupi, nkhope ioneke bwinobwino ngati panali kamera yachiwiri. Pa perekaniperekani ndi chimodzimodzi, aliyense amafuna adzadzione akuponya ndalama m'lichero. 4K imandipatsa makamera awiri pa mtengo wa imodzi.

Nankungwi_wa_ku_Malindi
Ndamva tsopano. Ndiye pitirizani, koma flash ya mayi aja ifike msanga, chifukwa mbiri yoti wojambula uja amachedwetsa imayenda msanga kuposa kanema wanuyo.

wophunzira_ICT
Bwana Wakamera, mumagwiritsa ntchito ma proxy? Mu Premiere kapena DaVinci Resolve mutha kupanga timakanema topepuka todulira, ndiye potulutsa pulogalamu imabwerera ku 4K yeniyeni. Kudumphadumpha kuja kumatha ngakhale pa 2600. Chachiwiri, muone pa export ngati pali Hardware Encoding kapena Software Encoding. GTX 1050 Ti ili ndi NVENC, kachigawo kongopangira H.264 ndi H.265, ndipo Premiere inayamba kukagwiritsa ntchito mu 2020. Ngati mwasiya pa Software, purosesa ikusenza yokha mtolo pamene khadi yangokhala.

MayiSteshonare
Abale, ndikwere nawo galimoto yomweyi. Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza pafupi ndi depoti. Kompyuta yanga ndi Dell OptiPlex ya kaunjika, i5-6500. Windows 10 akuti anasiya kuisamala pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 ikukana kulowa, ikuti purosesa siyoyenera. Mnyamata wina wandiuza kuti ndingogula i7 aike. Ndi zoona? Mu kompyutamu muli ma CV a anthu, makalata a sukulu, mapepala a ma VSL (magulu a banki mkhonde), sindifuna kusewera nazo.

Fundi_wa_pa_Boma
Amayi, musagule i7 imeneyo. Nkhani yanu ndi yosiyana ndi ya a Wakamera. Windows 11 imayambira pa Intel ya 8th gen, ndipo ku AMD imayambira pa Ryzen 2000. Bodi yanu ndi ya 6th gen, ndipo ngakhale ikanalola ya 7th gen, mukanakhalabe kunja kwa mpanda. Ya 8th gen ili ndi socket (malo okhala purosesa pa bodi) ya dzina lomwelo, LGA1151, koma imafuna bodi ya chipset cha 300, pa yanu siyaka. Anthu ambiri apusitsidwa ndi dzina limeneli. Intel imasintha socket pafupipafupi, n'chifukwa chake a Wakamera ali ndi mwayi umene inu mulibe.

Chimene mungachite panopa: Microsoft inatsegula ndondomeko ya ESU yopitiriza kutumiza zotetezera za Windows 10 mpaka Okutobala 2026. Lowanimo, mupeze nthawi yosonkhera ndalama ya kompyuta ina, ngakhale ya kaunjika yomweyo koma ya 8th gen kupita m'mwamba. Ngati muli pa hard drive, ikani SSD, mudzasamuka nayo. Ndipo mapepala a anthuwo akopereni pa disiki ina lero lomwe.

wophunzira_ICT
Kapena aike Linux Mint, ndi yaulere ndipo i5-6500 imathamanga nayo bwino.

MayiSteshonare
Mwana wanga, makadi a ukwati ndi ma poster ndimapangira CorelDRAW, ndipo makasitomala amabwera ndi mafayilo a Word ndi Publisher. Ndilibe nthawi yophunzira zatsopano anthu ali pa mzere.

Mlonda_wa_Usiku
Nanga laputopu yanga ya HP ya i3, ndingasinthe purosesa?

Gogo_Pentium
Ngati ndi ya zaka khumi zapitazi kufika lero, pafupifupi zonse purosesa anaiwotcherera pa bodi. Simungaichotse. Onjezerani RAM ngati pali malo, muike SSD, basi.

Chembe_Dzuwa
Palibe amene wanena za chinthu chimene chinandiliza ine. Bodi ya B450 yogulidwa mu 2019 siingadziwe Ryzen 5000 popanda BIOS yatsopano, kapulogalamu kokhala mu bodi momwemo kamene kamadzutsa kompyuta. Mukangoika 5600 osasintha BIOS, mafani azungulira koma sikirini ikhala bii. Ndiye BIOS muyenera kuisintha 2600 ikadali pamenepo. Apa ndi pamene pali ngozi kwa ife a kuno. Chaka chatha ndinayamba kusintha BIOS cha m'ma 4 koloko masana, kamzere katafika pakati magetsi anathima. Atabwera, kompyuta inangoti zii. Ndinanyamula bodi m'chikwama, kukwera minibasi pa Monkey Bay, kusintha pa boma, kudutsa Liwonde ndi Zomba mpaka ku Limbe, kwa munthu amene ali ndi kachipangizo kotchedwa CH341A. Anapana kachip ka BIOS ndi kapanipani, n'kulembamo mwatsopano. Ntchito ya mphindi makumi awiri, koma ulendo wa masiku awiri ndi ndalama ya thiransipoti pamwamba. Musayerekeze kuchita zimenezi popanda UPS (kabokosi ka batire kothandiza magetsi akathima) kapena inveta.

Usipa_Wouma
Nkhani ya magetsi ndiye ina. Mukukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale n'kuchotsa pafupifupi 130MW? Ine ndinagula batire ndi sola chaka chimenecho. Ndikanakhala a Wakamera mwina ndikanayamba ndi UPS, chifukwa export ya usiku wonse ikathimira pakati uyambiranso pa ziro.

Chembe_Dzuwa
UPS yaing'ono imakupatsa mphindi zochepa zozimitsira bwino, siingamalize export. Chofunika ndi inveta ya pure sine wave ndi batire yabwino. Ma inveta otchipa aja a modified sine wave, ma power supply ena a kompyuta sagwirizana nawo, amalira kapena kuzima okha.

Mlonda_wa_Usiku
Batire ya lithium mukuipeza kuti a Chembe? Ya galimoto yanga ija yatha miyezi isanu ndi itatu yokha.

Chembe_Dzuwa
Ya galimoto sinapangidwire zimenezo, imafuna kupereka mphamvu yambiri kamodzi poliza injini, osati kukhetsedwa usiku uliwonse. Funani ya deep cycle kapena LiFePO4. Ndilembereni kumbali.

Gogo_Pentium
Tabwererani ku purosesa abale. A Wakamera, mwapima?

Wakamera_Mpondasi
Ndapima a Gogo, ndipo ndakhala chete dzulo lonse chifukwa ndimachita zimene munandiuza. Zimene ndapeza ndi izi. Cha m'ma 2 koloko masana, m'chipinda changa cha malata chopanda siling'i, purosesa inafika madigiri 94, ndipo liwiro lake limatsika lokha ndikuona. Nditatsegula kabokosi ndinapeza fumbi litaundana pansi pa fani ngati bulangete, mpata wodutsa mphepo panalibe. Chiikireni mu 2019 sindinachotsepo faniyo. Makanema onse ali pa hard drive yakunja yolumikiza pa USB, ndipo poyamba kudula, disikiyo ndi imene imafika pa 100. Komanso a wophunzira_ICT analondola, export inali pa Software Encoding zaka zonsezi. Ndasintha, ndayesa ukwati womwe uja unatenga maola asanu ndi awiri, watuluka maola awiri asanakwane. Flash ya mayi aja ndakapereka ndekha m'mawa uno.

wophunzira_ICT
Zikomo potiuza bwana. Ma proxy muyesenso.

Gogo_Pentium
Mwaona tsono. Purosesa imeneyo malire ake ndi madigiri 95, ikayandikira imadzibweza yokha kuti isapse. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala si kwa masewera, ndipo fumbi la m'misewu yathu limalowa paliponse. Gulani thermal paste yopaka pakati pa purosesa ndi fani, mupukute yakale, muike yatsopano kadontho ngati njere ya nandolo. Koma mverani bwino pochotsa fani. Pa AM4 mapini ali pa purosesa, ndipo paste ya zaka zisanu ndi chimodzi imauma ngati simenti. Yatsani kompyuta igwire ntchito mphindi khumi kuti ifewe, muzimitse, muzule chingwe ku khoma, mumasule zomangira, kenako mupotoze faniyo pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka ileke yokha. Mukakoka molunjika, purosesa imazuka limodzi ndi fani socket ili chitsekere, mapini n'kupindika. Popemerera ndi blower gwirani mapiko a fani ndi chala asazungulire.

Ndipo maganizo anga tsopano ndi akuti musagule purosesa. Gulani SSD, musunge zotsalazo. Vuto lanu latha ndi theka popanda kutulutsa tambala.

Namwera77
Apa ndiye ndikugwirizana ndi a Gogo. SSD panopa, AM5 chaka cha mawa.

Wakamera_Mpondasi
Latha ndi theka, koma theka linalo lilipo. Ndikamajambula gule kapena anthu akuperekeza mkwatibwi, kamera imakhala m'manja, ndiye ndimaika Warp Stabilizer yoletsa kanema kugwedezeka pa tizidutswa tambiri. Pamenepo CPU imakhala pa 100, khadi osachita kanthu, ndipo kachidutswa ka mphindi imodzi kamandidikiritsa nthawi yoti nditha kudya nsima n'kusamba m'manja. Kupanga ma proxy ndayesa usiku wathawu, nakonso kumadya purosesa. Ndipo kuyambira Disembala mpaka Ramadhani isanayambe mu Febuluwale ndili ndi maukwati asanu ndi anayi olembedwa kale m'buku.

Fundi_wa_pa_Boma
Ndiye apa ndisiyana nanu a Gogo, mwaulemu. Kudikira n'kwabwino kwa munthu amene kompyuta yake ndi yoonerapo mafilimu. Ya a Wakamera ndi ngalawa yawo. Msodzi amene ali ndi ukonde wong'ambika nyengo ya usipa sanena kuti ndidzasoka chaka cha mawa ndikadzagula boti la injini. Maukwati asanu ndi anayi ali pakhomo, munthu wodalirika wobweretsa katundu alipo pa 18 Disembala, RAM ali nayo kale, bodi ikulola. Zinthu zinayi zimenezi sizidzakumananso chaka cha mawa. Komanso mapurosesa a AM4 atsopano m'bokosi sadzakhala m'sitolo mpaka kalekale, ndipo akamachepa mtengo sutsika.

Pakati pa ziwirizo, pa ntchito yanu ndingasankhe 5700X chifukwa cha ma core awiri owonjezerawo. Dziwani chabe kuti imabwera yopanda fani m'bokosi, pamene 5600 imabwera ndi Wraith Stealth, yomwe ija muli nayo kale. Kafani kameneko ku Dedza kangakwanire, koma kuno ayi. Achimwene anu akutengereninso fani ya tower ya 120mm ngati m'chikwama muli malo, muyeze kaye kukula kwa kabokosi kanu. SSD mugule ya NVMe ya 1TB, B450 zambiri zili ndi malo a M.2. Musalipire zambiri chifukwa cholemba Gen4, pa bodi yanu iyenda pa liwiro la Gen3 basi.

Gogo_Pentium
Mfundo ya maukwati asanu ndi anayiwo ndailandira. Sindimadziwa kuti ntchito yachuluka chotero. Koma SSD ikhale yoyamba, ndalama ikapanda kukwana zonse.

Namwera77
Ine ndikadali pomwepo. Pakatha zaka ziwiri mudzagulabe AM5, ndiye mudzakhala mutalipira kawiri.

Usipa_Wouma
Pa zaka ziwirizo 5700X idzakhala itajambulitsa maukwati angati? Idzadzilipira yokha Febuluwale asanathe.

wophunzira_ICT
Komanso chatsopano sikuti nthawi zonse ndi chodalirika a Namwera. Mu 2024 Intel inavomera kuti mapurosesa ena a 13th ndi 14th gen amawonongeka chifukwa cha voteji yokwera, mpaka inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Amene ali kunja anabweza n'kupatsidwa ena. Ife kuno tikanabweza kwa ndani? Ryzen 5000 yakhala m'manja mwa anthu kuyambira 2020, mavuto ake ndi odziwika kale.

wa_ku_Joni
Pa nkhani ya kubweza yomweyo, uzani achimwene anu agule m'sitolo yeniyeni, bokosi lomata, risiti asunge. Asatengeke ndi za pamsewu kapena za pa magulu ogulitsirana. Mnzanga wa ku Katuli amene timakhala naye kuno anagula 5600 kwa munthu wina, yokulungidwa mu tishu m'kabokosi ka machesi aakulu. Kunja yowala bwino. Titaiyang'ana ndi tochi ya foni, mapini atatu a pakona anali atagona, limodzi litathyoka. Wogulitsa foni anazimitsa tsiku lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo purosesayo aisunge m'chikwama cha m'manja, asaiike mu katundu wopita pansi pa basi pamene amapondapo matumba ndi mafiriji. Ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi wautali.

Mlonda_wa_Usiku
A ku Joni, mukubwera liti inuyo? Ndikufuna SSD nanenso.

wa_ku_Joni
Chaka chino ayi, ntchito sinandilole. Insha Allah pa Eid.

Chembe_Dzuwa
Chinthu china chaching'ono chisanaiwalike. Mukadzaika purosesa yatsopano, bodi zambiri zimaonetsa uthenga wa fTPM zisanalowe mu Windows, kufunsa ngati mukufuna kuyambanso mwatsopano. Ngati disiki yanu ili ndi BitLocker, loko ya Windows yokhoma mafayilo, muiimitse kaye kapena mulembe recovery key papepala musanasinthe kalikonse, apo ayi mudzatsekeredwa kunja kwa makanema a anthu. Ndipo BIOS mutenge pa tsamba la kampani imene inapanga bodi yanu, ya dzina ndi nambala yeniyeni ya bodiyo, muwerengenso mndandanda wa mapurosesa amene ikulola. Bodi zina zimafuna udutse kaye pa BIOS yapakati usanafike pa yomaliza.

Wakamera_Mpondasi
Sikomo kwejinji nonse, zikomo kwambiri. Ndalankhula ndi achimwene usiku uno. Agula 5700X ya m'bokosi lomata ndi NVMe ya 1TB, fani ya tower aona ngati ndalama itsale, ikapanda kutsala ndiyamba ndi yakaleyi nditaitsuka. RAM ndikhala ndi yomweyi. A Namwera, mawu anu sindinawataye, AM5 ndidzapita ikadzafika nthawi imene kompyutayi ikundilepheretsanso ntchito, osati chifukwa choti kwatuluka dzina latsopano. Chatsala ndi BIOS, ndipo nkhani ya a Chembe yandiopsa. Kunyumba ndilibe inveta.

MayiSteshonare
Ndiye 2600 yakaleyo mudzaitani? Poti a Fundi ati Ryzen 2000 imalola Windows 11, mundigulitse ine ndipezere bodi.

Fundi_wa_pa_Boma
Amayi, imalola inde, koma 2600 ilibe graphics zake, imafuna khadi yapadera kuti chithunzi chioneke, ndiye mungawonongenso ndalama ina. Pa ntchito ya steshonare mungafune ya chilembo G kumapeto, monga 3200G kapena 5600G. Tidzakambirana mukadzabwera ndi OptiPlex ija kudzaika SSD.

A Wakamera, za BIOS musadandaule. Ku shopu kwanga kuli sola ndi inveta ya pure sine wave. Bweretsani kabokosi kokha Loweruka, sikirini ndi kiyibodi zilipo. Mufike cha m'ma 11 koloko batire itadzaza. Mutenge flash yopanda kanthu tidzaifomate FAT32, ndipo munditumizire lero chithunzi cha dzina la bodi monga lalembedwera pakati pa socket ndi malo a khadi, kuti ndikopere fayilo yolondola. Paste ndili nayo, tidzachotsera limodzi fani ija.

Wakamera_Mpondasi
Loweruka ndili ndi chinkhoswe ku Namiasi kuyambira 1 koloko. Ndingafike 9 koloko?

Fundi_wa_pa_Boma
Bwerani 9 koloko, tidzayambe ndi kutsuka fumbi pamene batire ikudzaza. Kabokosiko musakamange pa keriya ya kabaza, mukafungate pamiyendo, ndipo khadi ya GTX ija muichotse muikulunge payokha.